Chaka Chimene Mfumu Mwandiona Inalowa M'kalasi

M'dziko la Tilipo munali zinthu ziwiri zimene mwana aliyense ankazidziwa asanayambe n'komwe sukulu. Choyamba, kuti Mfumu Mwandiona Wachitatu ndi wanzeru kuposa munthu aliyense. Chachiwiri, kuti anthu a kutsidya kwa mtsinje, a dziko la Nafenso, akukonzekera kudzathira nkhondo. Tsiku lenileni silinkadziwika, koma wailesi ya boma inkanena m'mawa uliwonse kuti layandikira. Linali litayandikira kwa zaka makumi awiri ndi zitatu.

Edesi Chimbalanga ankaphunzitsa jogalafe pa sekondale ina mumzinda waukulu wa Dikirani. Kwa zaka zisanu ndi zinayi anajambula mtsinje umenewo pabolodi, kuno n'kulemba "ife", uko n'kulemba "adani", monga mmene buku la boma linkanenera. Koma mumtima zinkamuvuta. Amayi ake ankagulitsa anyezi wochokera kwa adaniwo, ndipo mng'ono wake Felesiya anakwatiwa komweko ndi mdani wina wofatsa wokonza njinga. Choncho Yunivesite ya Ufumu itatsegula maphunziro a masitazi pa ndale za m'chigawo ndi chitetezo cha mayiko, Edesi anali woyamba kulembetsa. Ankafuna adziwe ngati choko chake chinkanena zoona.

Chimene sankadziwa n'chakuti maphunzirowo anatsegulidwa chifukwa cha munthu mmodzi. Mfumu Mwandiona inali ndi madigiri aulemu asanu ndi awiri. Koma itapita ku msonkhano wa mafumu a m'chigawo, kalaliki wina wolemba mayina anaiuza mwaulemu kuti, "Pepani Mwini Dziko, madigiri opatsidwa ali ndi tsamba lawo kumapeto. Pano tikulemba olembera mayeso." Mfumu inabwerako tsiku lomwelo. M'mawa mwake inaitanitsa Bwalo la Nduna n'kulengeza kuti ikubwerera kusukulu.

Ophunzira analipo khumi ndi awiri kuphatikizapo Mfumu. Mphunzitsi wawo anali Pulofesa Mankhambera, bambo wowonda amene anawerenga za chitetezo kwa nthawi yaitali mpaka anayamba kuopa chilichonse, ngakhale chitseko chikamenyetseka ndi mphepo. Tsiku loyamba asilikali anayi analowa atanyamula mpando wachifumu. Mfumu inaloza kumbuyo kwenikweni, chifukwa inali itamva kuti okhala kumbuyo safunsidwa mafunso. Tsono lamulo la Tilipo linkaletsa kufulatira Mfumu. Ophunzira onse anatembenuza madesiki, ndipo teremu yonse yoyamba anaphunzira atafulatira bolodi. Pulofesa ankalemba akuyenda cham'mbali ngati nkhanu, ndipo zimene ankalembazo ankaziona ndi Mfumu yokha, imene magalasi ake inkawaiwala kunyumba.

Komabe maphunziro ankayenda. Anaphunzira za mapangano a mayiko, za malire, za mmene mayiko awiri oopana amagulira zida mpaka onse n'kusauka. Edesi ankamva ndi makutu, dzanja likuthamanga m'kope. Mfumu nayo inkayesetsa. Vuto lake linali masiku operekera ntchito. Sabata ina ntchito inkafunika Lachisanu koma Mfumu inali isanamalize, ndiye Bwalo la Nduna linakhala pansi maola anayi n'kugamula kuti sabata imeneyo ikhala ndi Lachinayi awiri. Ku msika wa Tsitsaniko anthu anangomva, n'kugwedeza mitu.

"Awonjezere Lachinayi mmene angafunire," anatero a Nangondo, amayi ake a Edesi, akuunjika anyezi. "Bola asakhudze Loweruka."

Chaka chachiwiri chitayamba, Pulofesa analengeza kuti nthawi ya kafukufuku yakwana. Ophunzira azipita awiriawiri kukafunsa anthu, koma aliyense adzalemba buku lakelake. Tsiku limenelo Edesi anachedwa, chifukwa apolisi anatseka msewu kuti mdipiti wa Mfumu udutse, ndipo minibasi yake inaima maola awiri padzuwa. Polowa m'kalasi anapeza anzake khumi atagwirana kale manja awiriawiri ngati ana a mkaka powoloka msewu.

"Mayi Chimbalanga," anatero Pulofesa akuyang'ana pansi, "mwachita mwayi waukulu."

Mutu wa kafukufuku wa Edesi ndi Mfumu unali chiopsezo cha Nafenso pa chitetezo cha Tilipo. Patatha masiku awiri Edesi anaitanidwa kunyumba yachifumu. Anapeza Mfumu ili ndi Nduna ya Chitetezo, a Gwedeza, bambo wamimba amene ankavala mamendulo khumi ndi anayi a nkhondo imene inali isanayambe. Patebulo panali mabuku awiri okutidwa bwino ndi chikopa.

"Takuchepetserani ntchito, mayi," anatero a Gwedeza. "Limodzi la Mwini Dziko, lina lanu. Zonse zilimo. Mungolembapo dzina."

Edesi anatsegula. Munalembedwa kuti adani ali ndi magalimoto ankhondo makumi anayi pafupi ndi mlatho, komanso kuti asilikali a mayiko awiriwa asemphana pamalire ka mazana atatu ndi khumi ndi kawiri.

"Munafunsa ndani, Olemekezeka?"

"Adani safunsidwa, mayi."

"Nanga asilikali athu?"

"Asilikali amayankha, safunsidwa maganizo."

Apa n'kuti uphunzitsi utamukwera Edesi m'mutu. Anaiwala kumene anali. Anatseka bukulo, n'kuyang'ana Mfumu monga mmene ankayang'anira ana a Folomu 2.

"Mwini Dziko, ine mwana akandibweretsera ntchito yomulembera wina, ndimang'amba pepalalo iye akuona. Ngati tikuchitira limodzi kafukufukuyu, tonse tipita kumalire, tonse tifunsa anthu. Amene sapita, ine sindimupatsa zimene ndapeza."

Msilikali wa pakhomo anameza mate mpaka zinamveka. Apa m'pamene Edesi anazindikira zimene wanena. Koma Mfumu inangomuyang'ana modabwa. Chimwalirireni amayi ake, panalibe munthu anali ataiyankhula chotero, ndipo inapeza kuti yakhala ikuzisowa pang'ono.

"Koma kumeneko kuli adani," inatero Mfumu ndi mawu otsika.

"Mng'ono wanga anakwatiwa komweko. Sanamudyebe."

A Gwedeza anatulutsa kakope m'thumba n'kulembamo kanthu.

Sipanathe sabata, wailesi inalengeza lamulo latsopano. Bwalo la Nduna, poganizira chitetezo cha Mfumu pa ulendo wake wa maphunziro, linagamula kuti Mlatho wa Pakati, njira yokhayo yopitira ku Nafenso, uphwasulidwe tsiku lomaliza la mweziwo. Popeza Tilipo ndi dziko lolemekeza malamulo a mayiko, aphwasula theka la kuno lokha. Theka la kutsidya ndi la eni ake. Mfumu inasainira lamulolo pamodzi ndi mapepala ena makumi asanu pa nthawi ya tiyi.

Edesi atafika ku Tsitsaniko madzulo ake, anapeza msika wonse ukumuyembekeza.

"Wabwera wamasitazi uja!" anafuula a Likisho ogulitsa nkhuku. "Tatiuzeni mayi, akaphwasula theka, tizidzayenda theka lotsalalo kenako n'kudumpha?"

"Ayi," anayankha mayi wina wa tomato, "tizidzaponyerana. Iwo anyezi, ife nkhuku."

Anthu anaseka, koma a Nangondo sanaseke. Anapukuta manja pachitenje n'kumukokera Edesi kuseri kwa benchi.

"Iwe Edesi, sukulu yakoyi ndi yophwasula milatho? Felesiya mwezi wake ndi wamawa, ndipo ndi mimba yoyamba. Ine ndikhale kuno ndikumvera wailesi, mwana wanga akubuula kutsidya? Kusambira sinditha."

"Amayi, si ine ndalamula."

"Ndikudziwa. Koma amene walamulayo ndi mnzako wa m'kalasi. Ukamuuze kuti ndati ine."

Ulendo wa kumalire unanyamuka ndi galimoto makumi awiri ndi zisanu ndi imodzi. Pa mlathopo anapeza udzu utatchetchedwa, miyala itapakidwa laimu, kwaya ikuimba, ndipo anthu makumi anayi osankhidwa ndi Unduna wa Chitetezo ataima pamzere atavala zochapa. Edesi ankafunsa, Mfumu itakhala pampando wake pambali. Yankho linali limodzi: "Tikuopa adani, koma tikuthokoza Mfumu yathu." Pofika masana mafomu onse anali atadzaza.

"Kani kafukufuku ndi wosavuta chonchi?" inatero Mfumu mosangalala ali ku nyumba ya alendo. "Anthu onse agwirizana."

Edesi anatenga fomu imodzi n'kuipereka ndi manja awiri. "Tawerengani funso loyamba, Mwini Dziko."

Mfumu inabwereka magalasi a dalaivala wake n'kuwerenga. "Muli ndi zaka zingati?"

"Yankho lake?"

"Tikuopa adani, koma..." Mfumu inalekeza. Inatenga fomu ina, kenako ina. Inavula magalasi aja. "Ndiye titani, aphunzitsi?"

M'mawa mwake mdipiti wonse unabwerera ku Dikirani makatani atatsekedwa, anthu akuimba m'mbali mwa msewu kutsanzika galimoto yopanda munthu. Mfumu inatsala itavala jekete la dalaivala ndi chipewa chamlaza, kope lili m'khwapa. Edesi ankada nkhawa kuti aizindikira, poti chithunzi chake chinali m'sitolo iliyonse. Koma chithunzicho chinajambulidwa zaka makumi atatu zapitazo, Mfumu ili ndi tsitsi lonse komanso khosi. Palibe anaicheukira kawiri.

"Awa ndi a Mwandi, alembi anga," Edesi ankatero paliponse. "Ine ndizifunsa, iwo azilemba."

Mkulu wa asilikali a pamalire, Sajeni Pondamali, anamupeza pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde. Anawalozera benchi n'kupitiriza kusoka.

"A Sajeni," anayamba Edesi, "ku Unduna akuti mwasemphana ndi asilikali a Nafenso ka mazana atatu ndi khumi ndi kawiri."

Sajeni anawerenga pa zala. "Ndi dzana lija ikhala ka mazana atatu ndi khumi ndi katatu. Timakumana Loweruka lililonse, kupatula nyengo ya mvula."

"Kumenyana?"

"Mpira, mayi. Pa bwalo la sukulu paja. Ukonde uwu ndi wa golo."

Cholembera cha a Mwandi chinaima.

"Nanga malipoti aja?" anafunsa Edesi.

"Lamulo limati tikakumana ndi mdani tizitumiza lipoti. Ndiye ine ndimatumiza. Ndimalemba kuti takumana ndi a Nafenso, atithira zigoli zitatu, anyamata awiri avulala. Kaya mawu oti zigoli amagwera pati panjira, ine sindidziwa. Ndimangomva pa wailesi kuti tinalimbana mwamphamvu." Anakoka ulusi ndi mano. "Kulimbana timalimbanadi. Koma goloboyi wawo ndi wamtali."

"Magalimoto ankhondo makumi anayi aja ali kuti?"

"Mukaima pa mlatho Lachitatu muwaona. Amakokedwa ndi ng'ombe, amanyamula anyezi."

Apa alembi analephera kupirira. "Koma mfuti muli nazo?"

"Zilipo khumi ndi ziwiri, bambo. Yolira ndi imodzi. Sabata ino ili kwa anzathu kutsidyaku, kuli ng'ona yavuta pa dooko. Abweza Lolemba."

Anayenda tsiku lonse. Anafunsa oyendetsa ngolo, osoka nsapato, anamwino a pachipatala chaching'ono chimene chinkalandira odwala a mbali zonse ziwiri osawafunsa kwawo. Atafika pa mayi wina wokazinga zitumbuwa kumapeto kwa mlatho, Mfumu inapempha kuti ifunseko funso limodzi lokha.

"Mayi, kodi Mfumu ya dziko lino mumaiona bwanji?"

Mayiyo anatembenuza chitumbuwa m'mafuta. "A Mwandiona? Si munthu woipa ayi. Koma amakhala ngati mlendo m'nyumba yawo yomwe. Amadya zimene awapatsa, amamva zimene awauza. Mutawapatsa pepala loti dzuwa lizituluka masana, asainira. Mlatho uwu akuti aphwasula, koma ndikhulupirira sanauonepo n'komwe."

Nkhope ya Mfumu inachita mdima pansi pa chipewa. Koma Edesi anakumbukira anyezi wa amayi ake.

"Lembani, a Mwandi," anatero mofatsa. "Mawu onse, mmene anenera."

Mfumu inapuma mozama, n'kulemba. Itamaliza inawerengera mayiyo kuti atsimikize, ndipo iwo anawonjezera kuti alembe kuti a Mwandiona akalamba tsopano, azipumula. Anawapatsa zitumbuwa ziwiri zaulere.

Chakumadzulo anawoloka mlatho kukaona Felesiya. Mfumu inayenda pang'onopang'ono, ikuyang'ana uku ndi uku, mpaka phazi lake linaponda dziko la adani. Dothi lake linali lofiira ngati la kwawo. Felesiya anawalandira akupuma movutikira ndi mimba yake, ndipo poti alongo awiriwo anali ndi zambiri zokambirana, anapatsa alembi lichero la mtedza kuti aziswa pakhonde. Mwamuna wa Felesiya anali akumata tayala pabwalo, wailesi ili pambali pake. Wailesi ya Nafenso inkachenjeza anthu kuti adani a ku Tilipo akukonzekera kudzathira nkhondo, ndipo tsiku lake layandikira.

"Akunena ife?" inafunsa Mfumu.

"Inu amene, bambo," anayankha wokonza njinga uja. "Zaka makumi awiri ndi zitatu tsopano. Mumachedwa pati?"

Mfumu inabwerera ku Dikirani pa basi, ndipo m'mawa mwake inaitanitsa Bwalo la Nduna. Edesi anamuika pampando wa kumapeto ndi mafomu ake. Mfumu inaimirira n'kunena kuti lamulo la mlatho lichotsedwe.

A Gwedeza anadzuka mamendulo akulira. "Mwini Dziko, ndime yoyamba ya malamulo a dziko lino imati Mfumu silakwa. Tikachotsa lamulo limene munasainira, ndiye kuti tikunena kuti munalakwa. Amene wanena kuti Mfumu yalakwa ndi woukira. Ife sitingalole kuti muukire Mfumu, Mwini Dziko. Timakukondani kwambiri."

Nduna zonse zinawomba m'manja. Mfumu inakhala pansi. Kunali kutatsala masiku khumi, ndipo asilikali anali atayamba kale kusonkhanitsa nyundo.

Edesi anapita kwa Pulofesa Mankhambera n'kuwafotokozera zonse. Pulofesa anamvetsera atatseka zenera, chitseko ndi kabati. Atatha anayenda uku ndi uku akupukuta thukuta.

"Ine za ndale sindilowerera, Mayi Chimbalanga. Ndili ndi ana. Ine ndimangophunzitsa ndale." Kenako anatenga buku la malamulo a yunivesite pashelefu, n'kuliika patebulo litatsegulidwa, chala chili pa ndime ina. "Ndikupita kukamwa madzi. Bukuli langotseguka lokha."

Ndimeyo inkati palibe wophunzira wa masitazi angalandire digiri popanda kuyesedwa pamaso ndi woyesa wochokera kunja kwa dziko, amene ali ndi udokotala pa phunzirolo ndipo ndi wa m'chigawo chomwecho. M'munsi mwake Pulofesa anali atalemba ndi pensulo mndandanda wa anthu oyenerera. Munali dzina limodzi: Mfumukazi Ndaziona ya ku Nafenso, imene inaphunzira za chitetezo cha mayiko isanalowe ufumu wa bambo ake. Ku Tilipo kunalibe bwalo la ndege. Edesi anaseka yekha mpaka misozi, ndipo Pulofesa kunja kwa chitseko anatsokomola kuti achepetse.

Bwalo litakumananso, Edesi anapempha kuyankhula. Anagwada, kenako anaimirira ndi buku lija.

"Olemekezeka, lamulo la mlatho ndi labwino ndipo Mfumu sinalakwe. Mlatho uphwasulidwe ndithu. Chimene ndikupempha n'chakuti udikire kaye mpaka Mwini Dziko atamaliza maphunziro, chifukwa woyesa wawo alibe pena podzera."

Atatchula dzina la woyesayo, a Gwedeza anadumpha. "Mdani? Mdani adzayese nzeru za Mwini Dziko?"

Mfumu inawayang'ana modekha. "A Gwedeza, mukuona ngati ndilephera?"

A Gwedeza anayang'ana kudenga, anayang'ana anzawo, anayang'ana mamendulo awo. Panalibe yankho limene likanawasiya ndi mpando. Anakhala pansi. Bwalo linagamula kuti mlatho uphwasulidwa tsiku lotsatira Mfumu ikadzalandira digiri, ndipo nyundo zinabwerera kumene zinabwerekedwa. A Nangondo anawoloka ndi mtolo wawo pamutu sabata yomweyo, ndipo patatha milungu itatu anatumiza uthenga kuti kwabadwa mtsikana, wamphuno ngati ya agogo ake, theka wa kuno theka mdani.

Miyezi inayi yotsatira inali yolemba. Edesi ankaphunzitsa m'mawa, masana n'kulemba. Mfumu inatsekera m'chipinda, inakana thandizo la alembi onse a boma, ndipo kwa nthawi yonseyo sinasainire lamulo lililonse. Anthu a ku Tsitsaniko ankati chibadwire sanaone dziko likuyenda bwino chotero.

Tsiku la mayeso holo ya yunivesite inadzaza mpaka m'mazenera. Mfumukazi Ndaziona inafika pa galimoto imodzi yokha, ndi Nduna yake ya Chitetezo imene inali ndi mimba ndi mamendulo ofanana kwambiri ndi a Gwedeza. Mfumukaziyo inali mayi wamfupi wa imvi, magalasi atapachikidwa pa chingwe m'khosi. Inakhala pansi n'kuyala zolembera zofiira zitatu patebulo. Pulofesa ataziona anapempha madzi.

Edesi anafunsidwa maola awiri. Mfumukazi inamubweza pa tsamba lililonse, inamufunsa chifukwa chake anakhulupirira Sajeni osati Unduna, inamupezera mawu anayi olembedwa molakwika. Pamapeto inavula magalasi.

"Funso lomaliza, Mayi Chimbalanga. Mwasonyeza kuti mdani kulibe, mbali zonse ziwiri. Nanga mantha akhalitsa bwanji zaka zonsezi?"

Edesi anaganiza pang'ono. "Chifukwa mantha ali ndi maofesi, Mayi. Ali ndi galimoto, ali ndi antchito, ali ndi pulogalamu pa wailesi. Mtendere ulibe ngakhale desiki."

Anthu a m'mazenera anaimba mluzu. Nduna ziwiri zija zinapezeka kuti zonse zikuyang'ana nsapato zawo. Mfumukazi inalemba kanthu n'kunena kuti wakhoza, akonze mawu anayi ajawo basi.

Kenako inafika nthawi ya Mfumu. Buku lake linali la masamba khumi ndi asanu ndi anayi, ndipo inaliika patebulo ngati mwana wakhanda.

"Zikuoneka kuti mwalemba nokha," inatero Mfumukazi.

"Zikomo kwambiri."

"Sindinayamikire, ndangonena zimene ndaona." Inatsegula. "Mutu wachinayi, wa zimene anthu anakuuzani pa mlatho, ndi wabwino. Mwalemba ngakhale zokunyozani. Mafumu ambiri sangathe, ine ndemwe ndikukayika. Koma mutu wachiwiri umafuna muonetse zimene akatswiri ena analemba pa nkhaniyi. Inu mwatchula mabuku khumi ndi asanu ndi limodzi, ndipo onse ndi zokamba zanu za pa tsiku la ufulu."

"Ndi zimene zinali mu laibulale," inayankha Mfumu motsitsa.

"Ndikukhulupirira. Mukalembenso mutu wachiwiri, wachitatu ndi wachisanu. Tidzaonane chaka chamawa."

A Gwedeza anaimirira nkhope ili gwaa. "Uku ndi kuputa nkhondo! Mwini Dziko, ingolamulani, lero lomwe..."

"Khalani pansi, a Gwedeza," inatero Mfumu osawacheukira. "Mukayambitsa nkhondo andiyesa ndani?" Inakoka mpando kuyandikira tebulo, n'kutulutsa kope lija la kumalire. "Mayi, tabwerezani pang'onopang'ono za mutu wachitatuzo, ndilembe."

Isanatuluke mu holo, Mfumu inapempha kuti woiyang'anira pokonza bukulo akhale Mayi Chimbalanga, ndipo yunivesite inamulemba ntchito Edesi pomwepo, asanavale n'komwe mkanjo wa digiri.

Edesi anaperekeza Mfumukazi ku galimoto. Anayenda awiri okha pansi pa mitengo ya pa yunivesite, ndipo Edesi, amene chilungamo cha pa mayeso chinali m'magazi mwake, analephera kukhala chete.

"Mayi, mundikhululukire. Buku lija ndi lofooka, inde. Koma kunena zoona, akanatha kukhoza ndi zokonza za miyezi itatu. Chaka chathunthu chachuluka."

Mfumukazi inaima n'kuyang'ana kumbuyo. Nduna yake inali patali ikunong'onezana ndi a Gwedeza ngati anthu odziwana kalekale.

"Mwana wanga, ndikudziwa. Koma lamulo lanu lija ndinaliwerenga. Bambo uja akangovala mkanjo, m'mawa mwake nyundo zili pa mlatho, ndipo wamimba wangayo adzandiuza kuti nafenso tiphwasule theka lathu. Ine ndakalamba, za nkhondo sindikuzifuna. Muzimupatsa mabuku aakuluakulu. Akamaliza limodzi, mupatseni lina lotsutsana nalo."

"Nanga akadzamaliza zonse? Ali ndi khama, Mayi. Tsiku lina adzakhoza ndithu."

Mfumukazi inavala magalasi n'kulowa m'galimoto. Inatsitsa zenera.

"Munthu wakhama chotere angalekere pa masitazi? Tidzamulimbikitsa achite udokotala."

Galimoto inanyamuka. Edesi anatsala ataima, akuwerenga m'mutu. Ku Tilipo udokotala unkatenga zaka zisanu ndi ziwiri woyang'anira akakhala wachifundo. Ndipo ana onse amene anadutsa m'manja mwake akanachitira umboni kuti Mayi Chimbalanga, akagwira cholembera chofiira, chifundo sankachidziwa.